Ngozi Imene Inaba Nkhani

Mphunzitsi wina wa ku Chifubu, mumzinda wa Ndola, anatha chaka chathunthu akulemba nthano yaitali ya chikondi, ndipo anaiwononga yekha m'mitu yakumapeto. Dzina lake sinditchula, poti akulembabe ndipo luso ali nalo. Makolo ake anachokera ku Katete kudzafuna ntchito kumigodi, iye n'kubadwira ku Kopala konko, kumene mumsewu ndi pamsika mumamveka Chibemba, koma m'nyumba mwawo munali Chichewa chokhachokha. Nthanoyo anailemba m'chilankhulo cha m'nyumbacho. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ankakwera basi ya ku Kitwe kukasonkha chilimba, chija ku Malawi amati chipereganyu, ndi amayi anzake a kummawa okhala ku Chimwemwe. Ndalama zikawerengedwa, wolandira n'kumanga zake pachitenje, mphunzitsiyo ankatulutsa kope n'kuwawerengera mitu iwiri.

Nkhani yake inali yokoma kuyambira pachiyambi. Munali mayi wamasiye wa ana awiri, wogulitsa salaula, kaunjika wa kumeneko, pamsika wa Chisokone, amene ankakhala ku Wusakile m'nyumba yosiyidwa ndi malemu mwamuna wake, imodzi mwa nyumba zija kampani ya ZCCM inagulitsa kwa antchito ake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pamaliro ena anakumana ndi bambo wa Chibemba wa ku Kasama, wogwira ntchito pansi pa mgodi kwa kontilakita wina. Bamboyo, potsata chimbuya, anamupaka ufa kumaso n'kumufunsa ngati wabwera ndi mbewa zodyera nsima. Mayiyo anamubwezera kuti ayambe wawerenga anyani amene anatha kwawo. Amayi a chilimba anaseka mpaka misozi, chifukwa nthabwala zimenezi pakati pa Abemba ndi anthu a kummawa amazichita okha pamaliro. Chikondi chinayambira pamenepo, ndipo mlembi sanachithamangitse.

M'mutu wachitatu anakwirira chinthu choyamba. Mkulu wake wa malemu uja anabwera kudzaona ana, anadya nsima, anasamba m'manja, kenaka ananena mosakweza mawu: "Alamu, khalani bwino m'nyumba muno. Koma lamulo mukulidziwa." Lamulolo lilipodi. Ku Zambia, Intestate Succession Act ya 1989 imagawa chuma cha munthu womwalira osasiya wilo motere: magawo 50 pa 100 alionse kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Nyumba imakhala ya wotsalayo pamodzi ndi ana, koma ufulu wa wamasiye panyumbapo umatha tsiku limene wakwatiwanso. Lamuloli linabwera kudzaletsa achibale kulanda katundu wa amasiye, ndipo lapulumutsa ambiri. Koma kwa mayi wa zaka 30 amene wayambanso kufunsiridwa, chiganizo chomalizacho n'cholemera. Akakwatiwa, m'nyumba ya ana ake omwe asanduka mlendo, ndipo alamu apeza poyambira.

Chachiwiri anachikwirira m'mutu wa 9. Bambo uja analandira kalata yoti kontilakiti yatha, ndipo sanauze munthu. M'mawa uliwonse ankavala ovololo ndi jombo, n'kudzera kwa mayiyo kutenga chakudya chimene wamuikira m'kontena, n'kulowera ngati wapita kushifiti. Ankathera ku Black Mountain, chimulu chachikulu chakuda cha zotsalira za ng'anjo yosungunulira mkuwa ya Nkana, chimene chinayamba kuunjikana m'zaka za m'ma 1930. Kumeneko ankakumba ndi kutola miyala yogulitsa kwa majerabo, amalonda a miyala ya mkuwa. Madzulo ankasamba kwa mnzake, n'kubwera akudandaula za nkhanza za kapitawo amene kulibe. Pa chilimbapo panalibe wofunika kumufotokozera zimenezi. Mu Novembala 2015 kampani ya Mopani inachotsa antchito oposa 4,000 mtengo wa mkuwa utagwa, ndipo ena mwa amayiwo anaona ndi maso awo mmene mwamuna amakhalira pakhomo kalata yotere ili m'thumba.

Pofika mutu wa 17, tsiku loti shibukombe, nkhoswe ya kuchimuna, abwere ndi mbale zovundikira za insalamu, mphatso yofunsira mbeta, linali litapanganidwa. Taonani mmene zinthu zinakhalira. Mayi ali pafupi kusiya ufulu wake panyumba podalira malipiro a mwamuna. Mwamuna akudziwa kuti malipirowo kulibe, akudziwanso chimene mayiyo akusiya. Akaulula, mwina mkazi amukana. Akakhala chete, amulowetsa m'banja ndi bodza n'kumutayitsa chokhacho chimene anali nacho. Nkhani inali itafika pa mwana wakana phala popanda wina woikankha, ndipo mlembi aliyense amalakalaka kufika pamalo otere. Tsikulo amayi anabalalika akukangana za chimene chichitike.

Mwezi wotsatira anamva izi. Mnzake wa pamsika anaonetsa mayi uja chithunzi pafoni: bambo uja ali pa Levy Mwanawasa Stadium ku Ndola, tsiku la mpira wa Zesco United ndi Nkana, atakoleka dzanja paphewa la mtsikana wina. Mayiyo, amene kwa mitu 17 tinamudziwa kuti sabisa mawu ndipo amakangana ndi okhometsa msonkho wa pamsika mpaka iwo kutopa, sanafunse kanthu. Anatseka nambala ya bamboyo, anadzitsekera kuchipinda, analira masiku atatu. M'mutu wa 19, pa 20 Juni 2018, mbali ina ya Black Mountain inagumuka, ndipo bambo uja anamufukula atathyoka mwendo. Mayi anathamangira kuchipatala wopanda nsapato, n'kupeza mtsikana wa pachithunzi uja pambali pa bedi. Mtsikanayo anagwada n'kunena kuti ndi mlongo wawo wamng'ono wa odwalawo. Misozi, kukumbatirana. Mutu womaliza unali wa ukwati, ndipo m'ndime imodzi yokha bambo anaitanidwanso kuntchito, alamu aja n'kusintha mtima popanda chowasinthitsa.

Atatseka kope, woyamba kuyankhula anali gogo wina amene onse ankamutcha Ambuya, wamasiye wa munthu amene anagwirapo ntchito ku Mufulira.

"Iwe mwana, tandiwerengeranso pamene wapepesa."

"Ndani, Ambuya?"

"Mwamunayo. Wanamiza mwana wa eni miyezi yonseyi, akudya chakudya chake chopita nacho kuntchito kumene kulibe. Wapepesa pati?"

"Ambuya, si mwamva kuti wavulala? Anatsala pang'ono kufa."

"Ndamva. Wathyoka mwendo. Nanga pakamwa pathyokanso?"

Ambiri anaseka, koma mayi wina wa pakona sanaseke. Anatola chikwama chake n'kutsanzika kuti wasiya mwana yekha kunyumba. Anzake ndi amene anadzanena pambuyo pake kuti mwana wa mlongo wake anali paphiripo tsiku lija.

Mphunzitsi uja sanamve. Mumtima anati amayiwa sadziwa mmene mabuku amalembedwera. Iye anali atawerenga mabuku a Mills & Boon ogula pamulu mumsewu, ataoneranso masewero a pa Zee World ndi Telemundo, ndipo kumeneko chithunzi chonamiza ndi bedi la kuchipatala sizisowa. Anaiwala kuti akuluakulu a m'gululo anakula akumvera nthano za Julius Chongo pawailesi, m'pologalamu ya Poceza M'madzulo, ndiye kuti makutu awo anazolowera kale nkhani yolukidwa bwino. Anatenga kaloba, katapila wa kumeneko, n'kukasindikiza bukulo pamalo ena mu Ndola. Oyamba kugula anali amayi omwewo, pomupatsa ulemu. Koma buku la chikondi limayenda ndi pakamwa: wowerenga amauza mnzake kuti usagone usanaliwerenge. Ili linayenda ndi mawu ena: "Likukoma, koma ukafika pa chithunzi ungosiya." Makatoni anatsala osatsegula, wa kaloba akubwera mwezi ndi mwezi.

Kope lake ndinaliwerenga lonse, ndipo sindivomereza kuti vuto linali kusadziwa. Wosadziwa kulemba sangakwirire zinthu ziwiri zija mwaluso chotere. Vuto linali chisoni. Mlembiyu anamukonda bambo wa m'nkhani yake, ndipo itakwana nthawi yomuimika pamaso pa mkazi kuti anene yekha kuti wakhala akunama, dzanja linakana kulemba. Anamufunira pothawira. Choyamba anasandutsa mkazi kukhala wolakwa, womukayikira pachabe munthu wosalakwa. Kenaka anamugwetsera phiri kuti aliyense amumvere chifundo. Chisoni chinapha nkhwali, ndipo apa chinapha buku.

Pamene chibwenzi cha m'nthano chimagwedezeka mpaka owerenga kunena kuti basi, awa asiyana, m'pamene wowerenga amafuna kuona zonse zimene analonjezedwa. Chilichonse chimene mlembi anationetsa kuti anthu awiriwa amachiopa chiyenera kutulukira pamenepo. Mayiyu ankaopa kusowanso mtengo wogwira, monga zinamuchitikira sabata ya maliro a mwamuna wake, alamu akuwerenga mipando iye akadali pamphasa. Bamboyu ankaopa kuoneka wopanda pake pamaso pa mkazi. Mantha awiriwa anali olumikizana kale, chifukwa chimene bamboyo anachita pobisa manyazi ake n'chimene chikanamubweretsera mayiyo tsoka limene ankaliopa. Chithunzi cha pafoni sichikhudza mantha a aliyense wa iwo. Mukhoza kuchichotsa m'buku lino n'kuchiika m'buku la ku Lagos kapena la ku Mumbai, chikakwanamo bwinobwino.

Pali funso losavuta limene mlembi angadzifunse asanalembe mutu woterewu: kodi foni imodzi ingathetse mkanganowu? "Mtsikana uja ndani?" "Ndi mlongo wanga." Basi, mitu iwiri yagwa. Wowerenga amadziwa zimenezi, ndipo akaona anthu akuluakulu, anzeru zawo, akulira masiku atatu pa chinthu chotha ndi funso limodzi, amayamba kuwapeputsa, kenaka amapeputsa wolemba. Tsono yesani funso lomwelo pa nkhani ya ntchito ndi nyumba. Bambo waimba foni, waulula zonse. Kodi zatha? Ndiye zayamba kumene. Apa choonadi chikanenedwa mlandu umakula, chifukwa vuto silinali kusamvetsetsana ayi. Munthu anasankha kunama, ndipo mnzake tsopano ayenera kusankha chochita naye.

Sindikunena kuti nsanje ndi mabodza a pafoni sizipasula mabanja. Zimapasula, ku Kitwe ngati kwina kulikonse. Koma zikalowa m'nthano zipeze munthu amene tinamuona kale kuti ndi wansanje, kapena amene anapwetekedwapo mwa njira imeneyo. Mayi wa salaula uja sanali wotero.

Chondiwawa n'chakuti mlembi wa ku Kopala safunika kukabwereka mavuto kunja. M'matauni amenewa chikondi, nyumba ndi ntchito sizinayambe zalekana chitsegulireni migodi. Nthawi ya atsamunda nyumba ya kukomboni inali ya kampani, ndipo ntchito ikatha banja linkatuluka. A. L. Epstein, amene anachita kafukufuku m'makhoti a m'matauni a kumigodi ndi m'makomboni a Ndola m'zaka za m'ma 1950, analemba zambiri za milandu ya mabanja a m'tauni, mmene anthu a mitundu yosiyana ankakwatirana kutali ndi ankhoswe awo. James Ferguson, amene anacheza ndi antchito a m'migodi ku Kitwe m'zaka za m'ma 1980 n'kutulutsa buku lake mu 1999, anapeza amuna ndi akazi akukokanakokana pa malipiro, pa achibale a kumudzi, ndi pa funso loti mwamuna akapuma ntchito banja lidzapita kwawo kwa yani. Funso lomalizali lokha likhoza kugwedeza chibwenzi cha Mchewa ndi Mbemba popanda mlembi kuthyola mwendo wa munthu.

Wina adzati, nanga mabuku otchuka sagwiritsa ntchito ngozi? Amatero. Mu Jane Eyre, buku la Charlotte Brontë la 1847, nyumba imapsa, mkazi woyamba wa Rochester amafa, Rochester n'kuchita khungu, njira ya ukwati n'kutseguka. Koma taonani pamene motowo unaikidwa. Usanabwere, chinsinsi chaululika kale m'tchalitchi pa tsiku la ukwati, Rochester wafotokoza kale ndi pakamwa pake, wapempha Jane kuti akhale naye chomwecho, ndipo Jane, akumukonda, wanyamuka mbandakucha n'kuchoka. Chisankho chowawa chachitidwa ndi anthu eni ake, moto ukubwera pambuyo. Ngakhale zili choncho, ine motowo ndimaukayikirabe pang'ono, poti unamuchepetsera ntchito mlembi. Koma suba pampondachimera pa nkhani. Mphunzitsi wathu anaika ngozi pamalo penipeni pamene panayenera kukhala chisankho.

Palinso nkhani ya phirilo, imene si ya luso lokha. Tsiku lija pa Black Mountain panafa anthu osachepera 10, ofunafuna chakudya cha mabanja awo. Ku Mufulira, pa 25 Sepitembala 1970, matope analowa mumgodi n'kupha anthu 89. Anthu a kumigodi amakhala ndi imfa zoterezi m'mabanja mwawo. Kulemba za izo n'koyenera, ndipo ndikulakalaka wina atadzalemba buku lathunthu la anyamata a paphiri paja. Koma kutenga tsiku limene amayi ena anataya ana awo n'kuligwiritsa ntchito kuti anthu awiri opeka akumbatirane msanga, amene anali pamaliropo amakumva ngati chipongwe. M'mutu wa 19 munalibe wakufa ngakhale mmodzi amene mlembi anamupatsa nkhope kapena mayi womulira. Onse anangotchedwa "anthu ena".

Patapita nthawi, ngongole itamuphunzitsa zimene anakana kumva kwa Ambuya, mphunzitsi uja anang'amba mitu itatu yomaliza n'kuyambanso. Chithunzi anachichotsa. Phiri analisiya chiimire, bambo akupitako tsiku ndi tsiku, wowerenga akuchita yekha mantha. Kenaka anasankha nthawi: usiku woti m'mawa mwake mbale zibwera. Bamboyo akanaulula m'mutu wa 10, mayiyo akanangomulimbitsa mtima, poti panalibe chimene wataya. Akanaulula ukwati utachitika, ikanakhala nkhani ina, ya banja osati ya chibwenzi. Usiku umenewu ndi womaliza woti mayi angathe kubwerera, ndipo bamboyo akudziwa kuti akayankhula akumupatsa yekha mpata wobwererawo.

M'mutu watsopanowo mayi akusita chitenje cha mawa. Azakhali ake afika kale kuchokera ku Chadiza ndipo agona pabalaza. Nkhuku ziwiri zamangidwa miyendo kuseri kwa nyumba. Bambo akugogoda pazenera la kukhitchini, chinthu chimene sanachitepo, n'kutulutsa kalata ija, yopindidwa kambirimbiri mpaka kuyamba kung'ambika m'mizere. Mayi akuiwerenga ndi kuwala kwa foni, akuyang'ana deti, akuwerenga miyezi ndi zala.

"Nanga m'mawa monse muja munkapita kuti?"

"Kuphiri."

"Ndi chakudya changa."

"Inde, mayi."

"Tsiku lija alamu anabweranso, ine n'kuwauza pamaso panu kuti za nyumba sindikuopanso, ndapeza munthu wondisunga, kalatayi inali kuti?"

"M'thumba."

"Munakhala pampando uwo."

Bambo sakuyankha. Mayi sakulira, sakukuwanso, poopa kudzutsa azakhali. Akupinda kalatayo m'mizere yake yomwe, akumubwezera. "Umphawi ndikanaupirira, ndinaupirirapo kale. Pitani, ndikufuna ndimalize kusita."

Apa mlembi anakumana ndi ntchito imene mutu wa chithunzi uja unamubisira. Mlandu wotere suthera m'mutu umodzi. Mbale zibwerabe m'mawa, poti shibukombe sakudziwa kanthu. Azakhali adzafunsa, alamu adzamva, ndipo ana anayamba kale kumuitana bamboyo kuti adadi. Kuti mayiyo adzakhululuke wowerenga n'kuvomereza, bamboyo ayenera kuchita chinthu chomutsitsa, pamaso pa anthu omwewo amene ankawaopa, ndipo mayiyo ayenera kupeza njira yoti nyumba ya ana ake isadalirenso mawu a mwamuna aliyense. Zimenezi zikufuna mitu ina ingapo imene sinali m'maganizo, komanso ndalama zosindikizira zimene zinapita kale kwa wa kaloba.

Atawerengera amayi a chilimba mutu watsopanowo, sanagwirizane. Ena anati mayiyo alandire mbale, chifukwa mwamuna woulula yekha ndi wosowa. Ena anati azibweze zosavundukula, poti amene wanama miyezi yonseyi ndi nkhope yosekerera adzanamanso. Mayi uja anachoka tsiku lija sanabwerenso ku zowerenga, ndalama zake za chilimba amangotumiza pafoni. Ambuya sanatenge mbali. Anangofuna kudziwa kuti shibukombe amuuza ndani, chifukwa mwamuna amene wanama asayembekezere kuti mkazi ndiye akamuyankhulire kwa akuluakulu. Mphunzitsiyo analemba funsolo pachikuto cha kope lake, ndipo mutu wa 19 wamakono ukuyambira pachipata cha shibukombe ku Chamboli, 5 koloko m'mawa, bambo uja akugogoda atavala zovala za kunyumba, ovololo atasiya.